Munda Umene Sunagone

Basi yochokera ku Sapporo inafika ku Yoichi pa 6 Meyi, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa. Anatsika anthu anayi. Atatu anali m'majekete. Wachinayi anali m'malaya opyapyala a manja aafupi, chikwama kumsana, mano akugundana.

Mtsikana amene anatsamira kagalimoto koyera konyamulira katundu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu a Kurogi?"

"Ndine, Takuma Kurogi. Mwandidziwa bwanji?"

"M'tauni muno akunjenjemera ndi munthu mmodzi yekha. Ndine Chizuru, mwana wa a Tomabechi. Kwerani msanga musanatifere pa siteji!"

Takuma anali wa zaka 27, wochokera ku Miyazaki, kumwera kotentha, kumene anagwira ntchito m'minda ya mpesa zaka zinayi. A Tomabechi anamulemba ntchito chifukwa mphamvu zinali zitayamba kuwathera, ndipo mwana wawo sakanatha minda iwiri yekha. Wa kumunsi, pafupi ndi nyumba, unali ndi mipesa 1,200. Wa kumtunda, pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja, unali ndi 340.

Tsiku lomwelo Chizuru anakwera naye kumtunda. Takuma ataona mipesayo anaphulika ndi phwete. Yonse inabzalidwa chopendekeka, ngati anthu othawa mvula.

"Anabzala izi ndani? Anali atalawa kale vinyoyo?"

"Mayi anga," anatero Chizuru. "Anamwalira zaka zisanu zapitazo."

Takuma analakalaka nthaka itang'ambika. Anawerama mopepesa, nawerama kachiwiri.

"Dzukani, bambo a dzuwa, mungathyoke msana," anatero Chizuru, osaseka koma osakwiyanso. "Kwanu mpesa umaima chilili chaka chonse. Kuno ayi. Tikatha kukolola timaudulira, n'kumasula chingwe chimene chimaugwira ku waya, ugone pansi. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chikagwa chimaufunditsa ngati bulangeti. N'chifukwa chake timabzala chopendekeka."

"Nanga mukapanda kumasula?"

"Chipale cha kuno chimaposa mita. Chikamatsendereka chimakokera chilichonse pansi. Mpesa womangidwa sungatsike nacho, ndiye umang'aluka patsinde."

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Wadzuwa.

Mu Juni ankakwera limodzi m'mawa uliwonse, nkhungu ya kunyanja ikanali m'mizere. Mu Julayi "inu" anasanduka "iwe" popanda amene anapempha chilolezo. Takuma ankamuitana Kamphepo, chifukwa, ankatero, anali wozizira pofika koma wosowa akachoka.

Pa 2 Ogasiti masana, atadya mipira yawo ya mpunga pamthunzi wa mzere womaliza, Chizuru anatulutsa kabotolo ndi timakapu tiwiri.

"Wa munda uno. Vinyo wa mphesa za mtundu wa Pino nowa, wa zaka zitatu zapitazo. Lawa."

Vinyoyo anali wofiira mopepuka, woti munthu amaona zala zake kuseri kwa kapu. Takuma anamwa kamodzi, gwa!

"Wathawira kuti? Sindinamumve."

"Wamwa ngati ukuzimitsa moto! Vinyo wa kwanu amakuwa, Wadzuwa. Uyu amanong'ona. Yambanso, pang'onopang'ono."

Anayambanso. Apa anamva fungo ngati la zipatso zofiira za m'tchire mvula itangokata, ndi kowawasa pang'ono kamene kanatsalira kumapeto kwa lilime.

"Ndi mphepo iyi," anatero Chizuru, akuloza kunyanja. "Imaziziritsa mphesa, zimapsa mosathamanga. Mayi ankati phiri ili silifuna munthu waphuma."

"Ine ndilibe phuma, Kamphepo. Ndingakudikire zaka khumi."

"Iii, pakamwa! Onse a kumwera ndinu otero?"

"Ndine ndekha. Enawo anatsala kuti azisamala amayi awo."

Chizuru anaseka mpaka kukhetsa vinyo pa buluku. Kenako anazunguza kapu.

"Ine mawu okoma sindiwakana. Koma chimodzi chokha: usadzandinamize. Madokotala ndi bambo anandibisira matenda a mayi miyezi isanu ndi umodzi, ati pondimvera chisoni. Sindifunanso chisoni chotero."

Takuma anagwira dzanja lake. "Sindidzakunamiza, mtima wanga, ngakhale pa kanthu kochepa ngati njere ya mphesa."

Ananena zochokera pansi pa mtima. Izi ziyenera kulembedwa, chifukwa n'zoona.

Anakolola munda wa kumtunda pa 14 ndi 15 Okutobala. Anamaliza kudulira minda yonse pa 15 Novembala. Chinatsala n'kumasula zingwe basi.

Pa 17 Novembala a Tomabechi anagwa pakhomo la nkhokwe atagwira pachifuwa. Anawatengera ku chipatala cha ku Sapporo, Chizuru ali pambali pawo. Asanakwere galimoto, Chizuru anatembenuka.

"Takuma, akuti chipale chachikulu chifika Lachinayi, pa 21. Goneka minda yonse. Yambira kumtunda, msewu wake ndi umene umatsekeka msanga."

"Pita ndi mtima umodzi, wokondedwa. Munda usiyire ine."

Sanayambire kumtunda. Anayambira kumunsi, poganiza kuti athane kaye ndi waukuluwo. Pofika madzulo a pa 19 mipesa 1,200 inali itagona. Wa kumtunda unali ntchito ya theka la tsiku. Theka lokha!

Pa 20 m'mawa, 8 koloko isanakwane, foni inalira. Unali uthenga wa Chizuru.

"Akulowa nawo kokawachita opaleshoni 9 koloko. Akukana kugona pa bedi, akuti ndikufunse kaye za munda wa mayi. Ndiwauze chiyani?"

Takuma anayang'ana kumwamba. Kunali kowala, kopanda ndi kamtambo komwe. Nkhalamba ikupita kumpeni, mtima uli m'mwamba chifukwa cha ntchito ya theka la tsiku? Zala zake zinalemba zokha.

"Auze kuti yonse yagona, Kamphepo, wa kumtunda womwe. Apume."

"Ndiwe munthu, Wadzuwa wanga. Ndimakukonda."

Akanakwera nthawi yomweyo, bodzalo likanafa lisanafike masana. Koma panali nkhani ina. Mu Okutobala anaitanitsa mphete kwa mmisiri wina ku Otaru, ndipo dzulo lake analandira uthenga woti yatha. Anafuna kuti Chizuru akamatsika basi adzaipeze. Otaru ndi ulendo wa mphindi makumi anayi. Akhala atabwera 1 koloko, anadziuza choncho, ndipo kumtunda amaliza kusanade.

Mmisiriyo anachedwa kutsegula. Chipale chinayamba kugwa 12 koloko, kutatsala tsiku lathunthu kuti Lachinayi lija lifike. M'njira ya m'mbali mwa nyanja galimoto zinayenda ngati pamaliro. Anafika 4 koloko, phiri losaoneka.

M'mawa wa pa 21 anakwera wapansi, fosholo paphewa, chipale chikumufika m'chiuno. Waya wa pansi anali atakwiririka kale. Anakumba mpesa umodzi umodzi, n'kumadula zingwe ndi zala zosamva kanthu. Akamakumba wachiwiri, dzenje la woyamba linali litadzaza. Pofika 2 koloko masana anali atamasula 26, yonse ya mu mzere wakumapeto, kumbali ya nyanja. Manja anakana kugwira fosholo. Anatsika akulira ngati mwana.

Chipale chinagwa masiku atatu osapuma. Mipesa 314 inatsala yomangidwa.

Chizuru anabwera pa 24. Anamukumbatira pa siteji, anthu akuona, chinthu chimene sanachitepo.

"Bambo ali bwino! Atangotsitsimuka, mawu oyamba anali oti, 'Mnyamata uja tisamutaye.'"

Mphete inali m'thumba la jekete. Takuma anaigwira, naisiya. Akanaitulutsa bwanji? Imeneyo ndi imene inadya munda. Ananenanso mumtima kuti amuuza mawa, akapuma.

Mawa linabwera, n'kupita.

A Tomabechi anatuluka m'chipatala pa 9 Disembala. Pa tsiku la chaka chatsopano anaitana anzawo awiri olima mpesa, natsegula botolo la munda wa kumtunda. Anathira kapu ya Takuma ndi manja awo.

"Anzanga, muoneni uyu. Ndinkati anthu a kumwera amangodziwa kuvina ndi kuwothera dzuwa. Koma wagoneka mipesa 1,540 yekha, m'masiku atatu!"

"Genzo, um'patse mwana wakoyo msanga, tingamulande!" anatero mmodzi wa alendowo, akuitana a Tomabechi ndi dzina lawo loyamba.

"Iwe ana ako aakazi onse anathawira ku Tokyo, ukamupatsa chiyani? Mbuzi?" anayankha a Tomabechi.

Onse anaseka. Takuma anakweza kapu ndi manja awiri. Vinyo wofatsa uja anamuwotcha kukhosi ngati madzi otentha. Anaweramitsa mutu, iwo n'kumati ndi ulemu.

"Taonani kudzichepetsa kwake," anatero a Tomabechi.

Mufoni yake munali uthenga umene anaulemba koyamba pa 25 Novembala: "Kamphepo, pali chimene ndinakunamiza." Ankaulemba, n'kuufufuta. Ankadziuza kuti mtima wa a Tomabechi ukadali wofooka. Ankadziuzanso kuti mwina chipale cha chaka chino n'chopepuka, mwina zingwe zinaduka zokha. Mwina! Munthu wa zaka zinayi m'munda wa mpesa, n'kumakhulupirira zotero?

Pa 9 Januwale linali tsiku limene mayi a Chizuru anamwalira. Takuma anaperekeza a Tomabechi kukaonana ndi dokotala. Chizuru anatsala, nati akawachezera mayi ake. Takuma anaganiza za kumanda, osafunsa zambiri.

Atabwerako anapeza Chizuru atakhala pafupi ndi mbaula, masaya ali psuu, nsapato zoyendera pa chipale zikudontha pakhomo.  Bambo ake atapita kukapuma, anayang'ana Takuma m'maso.

"Wadzuwa, palibe chimene ukufuna kundiuza?"

 Takuma anaganiza: waiona mphete.

"Chilipo, duwa langa. Koma nthawi yake sinakwane."

"Ikwana liti?"

"Posachedwa."

"Chabwino. Ndidikira."

Chizuru anafunsanso pa 14 Febuluwale, atamupatsa kabokosi ka chokoleti monga amachitira atsikana tsiku limenelo. Anafunsa kachitatu pa 20 Malichi, akukonza malumo odulira mpesa m'nkhokwe.

"Takuma, ine si galasi. Sindisweka ndi mawu."

"Ndikudziwa, mtima wanga. Ndiwe wolimba kuposa tonse."

"Si zimene ndikunena."

"Ndimakukonda, Kamphepo. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa," anatero, nabwerera ku malumo ake.

Chipale chinayamba kusungunuka kumapeto kwa Malichi. Takuma ankadzuka n'kuyang'ana phiri, mmene mabala akuda ankakulira tsiku ndi tsiku. Anaonda. A Tomabechi ankamuwonjezera nsomba m'mbale, amvekere, "Idya, mkamwini, ntchito ikubwera."

Pa 14 Epulo msewu wa kumtunda unatseguka. Chizuru anatenga makiyi a kagalimoto.

"Tiye tikadzutse munda wa mayi."

Ananyamuka. Atafika pa chipata, mizere isanaoneke bwino, Takuma anagwira chitseko.

"Ima, Chizuru. Ima kaye."

Anaimitsa, nazimitsa injini.

"Sindinaugoneke. Uthenga uja wa pa 20 Novembala unali bodza. Ndinamasula 26 yokha, tsiku lotsatira. Ina yonse inatsala pa waya. Ndikhululukire! Ndakhala ndikufuna kukuuza tsiku lililonse."

Chizuru sanadzidzimuke. Manja ake anali pa chiwongolero, maso kutsogolo.

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa?"

"Chaka chilichonse pa 9 Januwale ndimakwera kuno wapansi. Ndimakumba pa mpesa woyamba umene mayi anabzala, n'kuuthirira kapu ya vinyo wake. Chaka chino nditakumba ndinapeza chingwe chili chimangire, tsinde litang'aluka kale. Ndinakumba wachiwiri. Wachitatu. Ndinalekera pa wachikhumi."

Chizuru anapitiriza.

"Ndinalira mpaka misozi kuuma pamasaya. Potsika ndinadziuza kuti, ndi munthu, chipale chinabwera msanga, anachita mantha. Akandiuza yekha, tidzabzala ina limodzi. Ndinakufunsa katatu, Takuma."

"Ndinkayesa ukunena za..."

"Za chiyani?"

Analowetsa dzanja m'thumba, natulutsa kabokosi kamene m'makona mwake munali mutayamba kunyuka. Anakatsegula. Anafotokoza zonse: mmisiri wa ku Otaru, thambo lowala, 12 koloko.

Chizuru anaiyang'ana mpheteyo nthawi yaitali.

"Ndi yokongola," anatero. "Ndiye unasiya munda wa mayi anga chifukwa cha iyi?"

"Ndinkafuna kukusangalatsa, wokondedwa."

"Usanditchule choncho lero. Mvetsa, Takuma. Mpesa umathyoka, timadziwa. Bambo anataya mizere isanu ndi itatu chaka chimene ndinabadwa. Bodza la tsiku la opaleshoni nalonso ndikanalimeza, linawagoneka bambo mwamtendere. Koma kuchokera pa 9 Januwale kufika lero ndi masiku 95. Masiku 95 ndikudya nawe, ukundiitana duwa, ine ndikudikira mawu ochepa okha. Ndipo lero wanena chifukwa chipale chasungunuka. Chikanakhala chosasungunuka, ukanandiuza liti? Titabereka ana?"

"Ndinkachita manyazi."

"Ndinakuona. Manyaziwo unawasamala bwino kuposa mmene unandisamalira ine."

Anatsika, nalowa m'munda. Takuma anamutsatira patali. Mizere inali ngati mwadutsa ng'ombe. Mawaya anali atagwa, mitengo yochirikiza itapendama, matsinde atang'aluka pamene chingwe chinagwira, mkati mwake moyera ngati fupa. Anawerenga mpaka masana, aliyense mzere wake. Pa 314 ija, 241 inali itathyokera pansi penipeni, yosapulumutsika. Mpesa watsopano umatenga zaka zinayi kuti upatse vinyo, ndipo sukhala wobzala mayi ake.

"Bambo ndikawauza ndine," anatero Chizuru.

"Ayi. Ndikawauza ndekha. Chimenechi chokha undilole."

Anawapeza pakhonde akunola mpeni womezanitsira. Takuma anagwada pa matabwa, chipumi mpaka pansi, nanena zonse ndi masiku ake. A Tomabechi anamvetsera osasiya kunola. Atatha, anaika mpeni pambali.

"Pa chaka chatsopano paja, pamene ndinkakutama pamaso pa anzanga, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Ndipo unamwa."

"Ndinamwa."

Nkhalambayo inagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sinakalipe. Takuma akanakonda ikanamumenya.

"Dzukani, a Kurogi. Matabwawo ndi ozizira."

Kuyambira Disembala ankamuitana mkamwini.

Anakhalanso sabata imodzi, akuzula matsinde akufa ndi kukoka mawaya, chifukwa anapempha kutero. Pa 21 Epulo Chizuru anamuperekeza ku siteji ndi kagalimoto komwe kaja. Tsopano anali ndi jekete lochindikala, limene Chizuru yemweyo anamugulira.

"Palibe njira, Chizuru? Ngakhale patapita chaka? Ndinati ndingakudikire zaka khumi."

"Unatero. Unanenanso china tsiku lomwelo."

Basi inafika. Chizuru sanatsike m'galimoto. Anangokweza dzanja pang'ono pa chiwongolero, monga amachitira anthu odutsana pamsewu.

Pa 18 Meyi, Takuma ali m'munda wa bwana wake wakale ku Miyazaki, thukuta lili kamukamu, foni inalira m'thumba. Chinali chithunzi chochokera kwa Chizuru: mzere wakumapeto, nyanja ikuoneka kuseri, nkhungu isanathe. Pa mpesa uliwonse panali timasamba tanthete.

Pansi pake panali mawu ochepa.

"Ija unakumba ndi manja yaphuka yonse. Bambo akuti uyenera kudziwa. Usayankhe."

Takuma anakulitsa chithunzicho ndi zala, nawerenga umodzi umodzi. Inali 26. Anayamba kulemba, "Kamphepo," nayang'ana dzinalo kwa kanthawi. Kenako anafufuta chilembo chimodzi chimodzi, nabweza foni m'thumba momwe munali kabokosi kaja.